Za Nthenda za Amai Zimene Timangoti ndi Mauka

Mau amene amai a komiti ya odwala analankhula kwa amai a bungwe pa msonkhano wa caka ku Harare.

Tapempha abambo kuti ayambe apita panja akakambe za mabokosi ndi za galimoto, pakuti nkhani imene tabwera nayo lero siikambidwa mpongozi ali pomwepo. Koma tapemphanso a Mlembi kuti mau awa alowe m'buku la caka cino, kuti abambowo akawerenge pa okha kunyumba, cifukwa theka la nkhaniyi ndi lao. Tikachula zinthu ndi maina ace musati tikulaula ai.

Wina afunsa kuti, kodi bungwe la maliro lilowa bwanji m'zinthu za kumalisece? Tiyankha kuti ife ndife amene timayendera odwala a bungwe lino, ndiponso ndife amene timasambitsa mitembo ya amai anzathu. Timaona zimene ena saona. Mai amakhala zaka ziwiri cikazi cikutuluka ndi fungo, iye nkumangoti ndi mauka, nkumagula timankhwala pa kauntala, ndipo pamene abale adziwa, nthenda yafika kale patali. Copereka cathu ca mwezi ndi mwezi cigula bokosi, inde, koma sitifuna kuti ciligule nthawi isanakwane.

Liu limeneli lakuti mauka ndi thumba lalikulu, timaponyamo nthenda zambiri zosiyana. Imodzi mwa izo ndi ija ya yisiti, imene cikazi cace cimakhala coyera ndi cogwirana ngati cambiko, kuyabwa kwambiri koma popanda fungo loipa. Imeneyo imamva mankhwala oika kumusi amene agulitsidwa m'mafamase, monga clotrimazole. Tsono bvuto ndi lakuti mankhwala amenewo saciza bwino nthenda zinazo, ndipo zinazo ndizo tikambe lero.

Tiyambe ndi thupi labwino. Mkazi aliyense wosinkhuka amakhala ndi cikazi, ndipo si nthenda. Cimakhala coyera kapena ngati madzi, cimaculuka pakati pa mwezi ndi kunanda ngati coyera ca dzira, cimaculukanso mai akakhala ndi pakati. M'njira ya mkazi mumakhala tizirombo tabwino tochedwa lactobacilli, abale ace a tija timasasitsa mkaka. Dotolo wina wa ku Germany, Albert Döderlein, ndiye anatifotokoza m'caka ca 1892. Nchito yace ndi kusunga njirayo yowawasa pang'ono, kuti tizirombo toipa tisakule. Madotolo amayesa kuwawasako ndi muyeso wa pH, ndipo mwa mkazi wabwino sukwera kupitirira 4.5. Sungani mfundo imeneyi, pakuti zambiri zimene tinene zitsamira pomwepo.

Nthenda imene imagwira amai ambiri koposa zonse ichedwa bacterial vaginosis. Imabwera pamene tizirombo tabwino tija tacepa, ndipo tina tosiyana-siyana taculuka m'malo mwace. Cikazi cimakhala camadzi-madzi, cotuwa, ndipo cimanunkha ngati matemba amene anyowa ndi kuyamba kuola. Kuyabwa sikuculuka kweni-kweni. Fungo limakula mai akangotha kusamba kumwezi kapena akakhala malo amodzi ndi bambo, cifukwa magazi ndi umuna zimapha kuwawasa kuja. Apa ndi pamene mabanja ambiri amayambana, bambo nkumati mkazi wanga ndi wauve, mai nkuyamba kudzitsuka katatu pa tsiku, osadziwa kuti akuthira parafini pamoto.

Madotolo awiri a ku America, Gardner ndi Dukes, anailemba bwino nthendayi m'caka ca 1955, ndipo kamodzi ka tizirombo tace kanapatsidwa dzina la Gardnerella pokumbukira woyambayo. Kuyambira 1983 pali zizindikiro zinai zimene namwino ayang'ana: maonekedwe a cikazi, pH yopitirira 4.5 pa kapepala koyesera, fungo la nsomba akadonthezera mankhwala pa cikazico, ndi timaselo tokutidwa ndi tizirombo tooneka pa makina okuza zinthu. Zikapezeka zitatu mwa zinai, nthenda ndi yomweyo. M'makiliniki ambiri a kuno mulibe makina otere, cotero namwino amafunsa mafunso, nayang'ana, napereka mankhwala ogwira nthenda zingapo pamodzi. Musanyoze zimenezo, ndi njira yobvomerezeka. Koma ifuna kuti inu munene zoona zokha-zokha, cifukwa mau anu ndiwo makina ace.

Mankhwala ace ndi metronidazole, amene ambiri timawadziwa ndi dzina la Flagyl, 400 kapena 500 mg kawiri pa tsiku kwa masiku 7. Alipo ena opaka m'kati, monga clindamycin, koma amenewa amafoola mphira wa kondomu. Flagyl amawawa m'kamwa ngati mwatafuna citsulo, ndipo ena amacita naye mseru. Imwani mutadya. Fungo limatha pa tsiku laciwiri kapena lacitatu, ndipo pamenepo ambiri amaleka, nasunga mapiritsi otsala m'sutukesi kuti adzapatse mnzao. Malizani onse. Pepala la m'paketi limanenanso kuti musamwe mowa masiku onse a mankhwala ndi masiku awiri kapena atatu pambuyo pace.

Nthendayi iri ndi khalidwe lobwerera. Mwa amai amene acira, oposa theka amaionanso caka cisanathe. Kwa zaka zambiri madotolo anali kunena kuti bambo safunika mankhwala pa nthenda imeneyi. Koma m'caka ca 2025 madotolo a ku Melbourne, m'dziko la Australia, anafalitsa zimene anapeza pa mabanja 164. Pamene mai yekha anamwa mankhwala, nthenda inabwerera mwa amai 63 pa 100 alionse masabata 12 asanathe. Pamene bambo nayenso anamwa metronidazole ndi kupaka clindamycin pa umuna wace kwa masiku 7, inabwerera mwa 35 okha. Tsono mai amene nthendayi ikumubwerera kawiri-kawiri afunse namwino za cithandizo ca bambo. Izi sizitanthauza kuti wina wayenda kunja. Mwamuna ndi mkazi okhulupirika angathe kumangopatsirana tizirombo tomweto m'nyumba mwao.

Tsopano tifike pa cizolowezi cimene tonse ticidziwa, ndipo anamkungwi mutikhululukire. Ambiri tinalangizidwa kuti mkazi wodzisamala amatsuka m'kati ndi cala ndi sopo, ndi kupukuta ndi kansalu kufikira muume. Kuno tinapezanso anzathu a Cishona ndi Cindebele ali ndi zao, ndipo pa misika mumadziwa matebulo amene agulitsa timapepala ta zitsamba, miyala yopera ndi zina zoti mkazi aume ndi kuthina. Ena amathira Dettol m'beseni, ena mcere, ena viniga, ena mandimu. Ife sitinena kuti akulu athu anali opusa, iwo anafuna kuti mabanja alimbe. Koma zinthu zimenezi zimakokolola tizirombo tabwino tija, zimapsereza khungu lofewa la m'kati, ndipo pokhala malo amodzi pouma khungulo limang'ambika ting'ono-ting'ono tosaoneka ndi maso. Pamenepo ndi pakhomo pa HIV. Ofufuza anapeza kuti mai wokhala ndi bacterial vaginosis ali pa ngozi yotenga HIV yoposa ya mnzace ndi magawo pafupi-fupi 60 pa 100. Njira ya mkazi imadzitsuka yokha, monga diso limadzitsuka ndi misozi. Sambani kunja kokha ndi madzi oyera, m'kati musiyemo. Ndipo kumene kukali mwambo wodula mauka ndi lezala, tipempha uleke. Palibe nthenda ya cikazi imene imatha ndi kudula, koma magazi, zironda ndi matenda a pa lezala ndiwo amatsala.

Nthenda yaciwiri ndi trichomoniasis, ndipo iyi ndi yopatsirana pogonana, tisabise. Imadza ndi kacirombo kokhala ndi timicira, kamene Alfred Donné anakaona ku Paris m'caka ca 1836. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerenga kuti m'caka ca 2020 cokha anthu 156 miliyoni anaitenga. Cikazi cace cimakhala cacikasu kapena cobiriwira, nthawi zina ca thobvu, conunkha, ndipo kumusi kumayabwa, kumatupa, kumatentha pokodza ndi pokhala ndi bambo. Koma anthu ambiri amene ali nako kacirombo aka samva kanthu, maka-maka amuna, ndipo kangathe kukhala m'thupi miyezi kapena zaka. Cifukwa cace tsiku limene nthenda yaonekera silikuuzani tsiku limene inalowa, ndipo tipempha kuti pasakhale kumenyana kapena kulongedza katundu musanamve kwa namwino.

Agogo athu anabvutika nayo nthenda imeneyi popanda mankhwala eni-eni, kufikira metronidazole anapangidwa ku France ndi kuyamba kugwira nchito ca m'ma 1960. Lero mai amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku 7, pakuti zinaoneka kuti kwa akazi njira imeneyi iciza bwino kuposa kumwa onse kamodzi. Bambo kawiri-kawiri amapatsidwa magalamu 2 kamodzi. Onse awiri amwe nthawi imodzi, ndipo asakhale malo amodzi kufikira onse atamaliza ndi zizindikiro zitatha. Nkwabwino mai kukayesedwanso pakapita miyezi 3.

Abambo amene muwerenge mau awa, ndime ino ndi yanu. Mai akabwera ndi kapepala kocokera ku kiliniki kakuti nanunso mupite, musanene kuti ine sindimva kuwawa pali ponse. Tanena kale kuti amuna ambiri samva. Mukakana, mai acira lero, mawa mumbwezera, ndipo ndalama za mankhwala zingotayika mwezi ndi mwezi. Tidziwa moyo wa ulendo: wina ali ku mgodi, wina ayendetsa lole kupita ku Beitbridge, wina ali ku Johannesburg abwera pa Khirisimasi pokha, wina ali ndi nyumba kuno ndi ina kumudzi. Ife sitiri bwalo la milandu. Tingoti ngati nyumba ziri ziwiri, mankhwala afike ku nyumba zonse ziwiri. Ndipo Chibuku ca Loweruka limodzi cingathe kudikira.

Cikazi cina sicicokera m'njira koma pa khomo la ciberekero, ndipo cimadza ndi cinzonono kapena nthenda inzace yochedwa chlamydia. Izi zimafuna mankhwala ena, jekeseni ya ceftriaxone ndi mapiritsi monga doxycycline kapena azithromycin. Mwa akazi zimayenda mwakacetecete, koma zikakwera m'macubu zimawatseka, mai nkuleka kubala, kapena mimba nkukhala m'cubu, imene ikaphulika imapha pa maola ocepa. Cikazi cikadza pamodzi ndi kupweteka pa cinena ndi kutentha thupi, musadikire kuce kawiri, pitani tsiku lomwelo.

Amai oyembekezera, inu musamwe kanthu kali konse kopatsidwa ndi mnzanu. Bacterial vaginosis ndi trichomoniasis zimayenda pamodzi ndi kusweka msanga kwa nsupa ndi kubadwa kwa mwana masiku asanakwane. Metronidazole amaperekedwa kwa mai wapakati, koma doxycycline saperekedwa, cotero nenani kuti muli ndi pakati, ngakhale mukungoganizira cabe. Tonse tapitako ku maliro a khanda, amene amai okha amaika mwakacetecete, ndipo tidziwa kulemera kwace.

Pali nthenda ina imene itikhudza ife koposa anthu ena, ndipo ambiri sadziwa kuti imafika kumeneko. Ndi likodzo. Tonse tidziwa mwana wamwamuna wokodza magazi atasambira m'madzi a nkhono. Koma nyongolotsi zomwezo zimaikira mazira m'khomo la ciberekero ndi m'njira ya mkazi, ndipo mazirawo amacititsa timabala tonga mcenga, cikazi, kuyabwa, kupweteka, ndi kudontha magazi pambuyo pokhala ndi bambo. A WHO amati akazi ndi atsikana okwana ngati 56 miliyoni ali nalo likodzo lotere, ambiri a iwo mu Africa muno. Madotolo analipeza mwa amai a ku Mangochi m'zaka za m'ma 1990, ndipo kafukufuku wa m'midzi ya kuno ku Zimbabwe, wofalitsidwa mu 2006, anaonetsa kuti amai okhala ndi mabala amenewa anapezeka ndi HIV pafupi-fupi katatu kuposa anzao. Tsono taganizani. Ambiri a ife tinakulira m'mbali mwa nyanja, ku Nkhotakota, ku Salima, ku Mangochi, kapena ku Shire ndi ku Chilwa. Ena tinabadwira pa mafamu a kuno, tikucapa ndi kusamba m'madamu. Ena timatumiza ana kumudzi pa holide, nakasambira tsiku lonse. Nyongolotsizo zimakhala m'thupi zaka zambiri. Mai wotere amapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana kawiri, katatu, osacira, ndipo mwina amanenedwa za cigololo cimene sanacite. Ngakhale mtsikana wosadziwa mwamuna amanenedwa. Namwino wa m'tauni sangaganize za likodzo ngati inu simunena kumene munakulira. Muuzeni. Mankhwala ace ndi praziquantel, amene amapimidwa ndi kulemera kwa munthu, 40 mg pa kilogalamu iri yonse. Amapha nyongolotsi, koma mabala akale samatha onse, cotero kufulumira kuli ndi phindu.

Amai acikulire, musaganize kuti nkhani ino ndi ya ana okha. Mai akasiya kusamba, mphamvu ya m'thupi yochedwa oestrogen imacepa, khungu la m'njira limapyapyala ndi kuuma, ndipo kumatentha, kumayabwa, kumapweteka pokhala ndi bambo. Zoterezi zimaonekanso mwa ena oyamwitsa. Apa palibe kacirombo koti kaphedwe, ndipo Flagyl kapena mankhwala a yisiti sathandiza. Cimene cithandiza ndi mafuta ofewetsa opangidwira komweko, kapena kirimu wa oestrogen wolembedwa ndi dotolo. Ambiri amapirira zaka poyesa kuti ndi ukalamba cabe, ena nkusamuka kucipinda osanena cifukwa, bambo nkumadabwa.

Zina ndi zazing'ono koma zicitika. Thonje, kansalu kapena tamponi yoiwalika m'kati imanunkhitsa koopsa pa masiku ocepa, ndipo ikacotsedwa nthenda yatha. Sopo wonunkhira, mafuta onunkhira ndi sopo wocapira wosatsukuluzika bwino m'zobvala zam'kati zimayabwitsa popanda kacirombo kali konse. Mwana wamkazi wamng'ono naye angathe kuyabwa cifukwa ca sopo, njoka za m'mimba, kapena kupukuta kucokera kumbuyo kupita kutsogolo. Koma mwana akaoneka ndi mafinya, magazi kapena zironda, mtengereni ku cipatala, ndipo ngati wina wamgwira, nkhani imeneyo si yokambirana pa cibale, ndi ya polisi.

Tsopano cimene catibweretsa kweni-kweni. Khansa ya khomo la ciberekero ndiyo khansa imene igwira amai ambiri koposa kuno ku Zimbabwe, ndipo kwathu ku Malawi kuli m'gulu la maiko amene nthendayi iri yoculuka koposa pa dziko lonse. Imayamba popanda ululu. Ikayamba kudzionetsa, imadza ngati cikazi camadzi, conunkha, cosakanizika ndi magazi, cimene sicimva mankhwala, ndipo ndi pamenepo amai amati ndi mauka osamva. Cotero tikupemphani kuti mugwire zinthu izi. Magazi otuluka pambuyo pokhala ndi bambo, magazi a pakati pa mwezi, magazi ali onse mwa mai amene anasiya kale kusamba, ngakhale kadontho kamodzi, ndi cikazi cimene cabwerera mutamaliza mankhwala bwino-bwino: zonsezi zifuna kuti namwino aone khomo la ciberekero ndi maso ace, osangolemba mankhwala ena. M'zipatala ndi m'makiliniki ambiri a kuno muli kuyesa kochedwa VIAC, kumene namwino amapaka viniga wocepa mphamvu pa khomolo ndi kujambula. Malo oyamba kudwala amayera, ndipo angathe kuwaciza asanasanduke khansa. Viniga ameneyo ndi wa m'manja mwa namwino, si wa m'beseni mwanu. Mai wokhala ndi HIV ali pa ngozi ya khansa imeneyi kasanu ndi kamodzi kuposa wina, cotero iye ayenera kuyesedwa kawiri-kawiri monga amuuza ku kiliniki yace. Katemera wa HPV, kacirombo kamene kamayambitsa khansayi, anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse la Zimbabwe mu 2018 ndi ku Malawi mu 2019. Pepala likabwera kucokera ku sukulu, lolani mwana abaidwe.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko, koma tidziwa kuti citseko ca kiliniki cimalemera. Pali manyazi, pali ndalama ya khadi, ndipo kwa agogo ena pali cinenero, pakuti kufotokoza za kumusi m'Cishona kapena m'Cingerezi kwa namwino wa msinkhu wa mdzukulu wako si cinthu capafupi. Pa tsiku lopita musatsuke m'kati ndipo musaike mankhwala ali onse, cifukwa mukatero mufafaniza zimene namwino afuna kuona. Konzekani kunena mtundu wa cikazi, fungo lace, tsiku limene cinayamba, tsiku limene munasamba komariza, mankhwala ndi zitsamba zimene mwayesa kale, ndi madzi amene munasambamo pa ubwana. Tengani mapaketi a zonse mwamwa. Mukafuna namwino wamkazi, pemphani.

Ife a komiti ya odwala tagwirizana kuti mai ali yense wa bungwe lino amene afuna womperekeza, auze mmodzi wa ife pambali, ndipo tidzapita naye, kumthandiza kumasulira ngati kufunika, ndi kudikira panja ngati afuna kulowa yekha. Dzina lace sililowa m'buku liri lonse la bungwe, ndipo a Msungicuma sadzafunsa kuti ndalama ya basi yapita kwa yani. Tikhala pakhomo paja pamene nsima ikugawidwa. Tsopano wina akaitane abambo alowe, tipitirire ndi za copereka.